Ndapukwa kwathu ndili ku Daejeon

Kuno ku Korea Disembala ndi mwezi wa chisanu cholowa m'mafupa. Kwathu ndikudziwa kuti mvula yagwa, anthu ali kalikiliki kumunda, ana akutola ngumbi. Ine ndimabindikira m'chipinda, maso pa kompyuta, kuphunzira kulemba Chikoreya.

Malembo a Akoreya, otchedwa Hangul, anawakonza Mfumu Sejong mu 1443. Sawandandalika ngati ife ayi. Amawaunjika m'kabokosi kamodzi, kabokosiko n'kukhala phatikizo. Ndikadina ㅎ ndi dzanja lamanzere, ㅏ ndi lamanja, n'kubwerera kumanzere kudina ㄴ, ndimaona malembowo akupanikizana pa sikirini mpaka asanduka 한. Tsiku lomwe mphunzitsi anatiyimbitsa ga, na, da, ra, misozi inalengeza m'maso. Ndinamva mawu a aphunzitsi anga a Sitandade 1 pansi pa mtengo wa mango: ba, be, bi, bo, bu, ife tikulemba ndi chala padothi, mawondo ali mbuu.

Kompyuta imadziwa manambala basi. Chikoreya cha lero chili ndi malembo 19 oyambira phatikizo, malembo a liwu 21, ndi 27 otsekera, koma phatikizo likhozanso kutha lopanda chotsekera, ndiye njira zimakwana 28. Mukachulukitsa 19, 21 ndi 28 mupeza maphatikizo 11,172. Mu 1996 a Unicode anawaika onsewa m'ndondomeko, lililonse ndi nambala yake, kuyambira 가 pa 44032. 한 uja ali pa 54620. Kale sizinali choncho. Muyezo wa dziko lino wa 1987 unangosankha maphatikizo 2,350, moti mawu ena ankakanika kulembeka pa makina. Akoreya sanagonje mpaka onse analowa, ndipo pamenepa ndimawasirira kwambiri.

Nditaona zimenezi ndinafufuza zathu. Ŵ uja amene ena amalemba m'dzina la Malaŵi naye alimo, wamng'onoyo pa nambala 373. Ndinamuyang'ana nthawi yaitali, mtima uli kumudzi.

Abale anga, mukamandilembera pa WhatsApp, lembani Chichewa chathunthu, osadula mawu, ndipo mundiuze ngati chimanga chamera bwino. Kuno sabata imatha popanda wondifunsa kuti ndadzuka bwanji.