Usiginala ndi mwera

Ku Hara kuno ambiri amadalira mpunga wa kusikimu, koma ena tidasankha nyanja ndipo timakoka chilimira m'madoko oyandikana ndi Chilumba. Ine ndine siginala. Usiku wa mdima ndimakhala ndekha m'bwato ndi nyali, kuitana usipa, ukasonkhana n'kuuza alovi kuti aponye. Zimenezo mnyamata wochenjera amazigwira msanga. Chimene chimatenga zaka n'kudziwa tsiku lonena kuti lero sitilowa.

Mwera, makamaka kuyambira Meyi mpaka Ogasiti, umayenda nyanja yonse kuchokera kumwera, ndiye pofika kuno mafunde amakhala atakhwima. Koma umatumiza mthenga. Funde lalitali lopanda thovu limayamba kutukula bwato pang'onopang'ono, nyali n'kumagwedezeka pomwe kulibe ndi kamphepo komwe. Zikatero ndimayamba kuganiza za kumtunda. Yachiwembu ndi mphepo ya m'dzinja, yotsika m'mapiri mosagogoda. Mphezi zikamang'anima cha kumapiri a ku Tanzania, nyenyezi n'kumazima mbali imodzi, sindidikira kuti ndione ngati ibwere kuno kapena ipatuka.

Chenjezo la a zanyengo pawailesi timamvera, kungoti limanena za nyanja yonse, osati za pamene bwato lako lili.

Kunena zoona, mphepo sindiiopa ngati ngongole. Mwini chilimira wagula mafuta pokongola, alovi asiya ana ndi njala, anzathu a doko lomwelo alowa kale. Alovi n'kufunsa: "Akulu, enawo apita bwanji?" Ukakana, usiku n'kukhala bata, m'mawa anzako n'kumatsitsa usipa, umasanduka wamantha wa doko lonse. N'chifukwa chake zina timagwirizana tili pamchenga, mitu isanatenthe: tikathera pati, mafuta obwerera sakhudzidwa, ndipo boti silidzazidwa mpaka madzi kufika m'milomo, ngakhale usipa utachuluka chotani. Ambiri amamira pa tsiku limene apha kwambiri.

Anyamata odalira injini ndimawakumbutsa za Vipya, sitima yachitsulo imene idamira mu Julayi 1946 kufupi ndi Florence Bay, kumwera kwathu kuno, n'kupha anthu 145. Amamvetsera, ena amaseka. Majekete opulumutsira ali m'boti, koma ambiri amawatsamira pogona, ndiye masiku ano sindiyatsa nyali aliyense asanavale lake.