Kuno mwana wanzeru amachita kumusaka

Mwezi wa May ukakwana, masamba a Facebook a ife okhala ku America amadzaza ndi zithunzi za ana ovala mikanjo yakuda, m'khosi muli zingwe zagolide, ena mendulo ikulendewera pamtima. Ndiye mafunso ochokera kumudzi amayambika: zingwezo n'zachiyani, amagula kapena amachita kupatsidwa? Mlamu wanga wina anafika pondifunsa ngati mwana wa mnzathu wina walowa mpingo watsopano. Ndati lero ndiyankhe onse pamodzi. Ine ndimagwira ntchito mu labotale ya kemisitiri pa yunivesite ina ya boma kuno, ndipo ana ovala zingwewa ndi omwe ndimatsuka nawo mabotolo tsiku ndi tsiku. Digiri yanga yoyamba ndinaitengera kwathu komweko, kotero mbali zonse ziwiri ndinaziona ndi maso angawa.

Kuno malikisi onse a mwana amawaphatikiza n'kukhala nambala imodzi yotchedwa GPA, ndipo pamwamba penipeni ndi 4.0. Teremu iliyonse amene wafika cha pa 3.5 dzina lake limatuluka pa Dean's List. Pomaliza digiri pali masitepe atatu a ulemu, cum laude, magna cum laude ndi summa cum laude, ndipo yunivesite iliyonse imaika yokha malire ake. Zingwe zija zimachokera pamenepo komanso ku mabungwe a ophunzira okhoza bwino. Lakale kwambiri ndi Phi Beta Kappa, lomwe linayamba mu 1776 pa College of William and Mary ku Virginia. Koma zonsezi ndi zokongoletsa tsiku la mwambo. Nkhani yeniyeni imachitika zaka zinayi tsikulo lisanafike.

Mayunivesite ambiri ali ndi chomwe amati honors college. Mwana akangolowa chaka choyamba ndi malikisi apamwamba, amamuika m'gulu limeneli. Makalasi awo amakhala aang'ono, ana osakwana 20, pamene anzawo akuphunzira m'holo ya anthu 300. Amayamba ndi iwo kusankha maphunziro a teremu yotsatira, amapatsidwa mlangizi wawowawo, ndipo pomaliza amalemba kafukufuku amene amakamuteteza pamaso pa aphunzitsi. Amene anafalitsa maganizowa ndi Frank Aydelotte, yemwe anaphunzira ku Oxford ndipo mu 1922 anayambitsa dongosololi pa Swarthmore College. Iye ankaona kuti kalasi ikamayendera liwiro la wapakatikati, mwana wakuthwa amangogona.

Chimene chinandidzidzimutsa ine ndi kaofesi kena kali pansi pa nyumba ya honors. Muli mayi mmodzi wachikulire ndi womuthandiza wake. Iwo saphunzitsa, salemba mayeso, ntchito yawo ndi imodzi basi: kusaka ana oti akapikisane pa mphoto zikuluzikulu. Pakhoma pali kalendala yodzaza ndi masiku otsekera mafomu. Mayiwa amayenda m'madipatimenti kufunsa aphunzitsi kuti, "Chaka chino muli ndi ndani?"

Ndinaonera pafupi pa mtsikana wina amene ankagwira nafe ntchito. Kwawo ndi kumunda, bambo ake amayendetsa thiraki, ndipo za mphoto ya Goldwater anali asanamvepo. Mphoto imeneyi inakhazikitsidwa ndi nyumba ya malamulo ya dziko lino mu 1986, imapereka mpaka madola 7,500 pachaka kwa ana a sayansi, masamu ndi uinjiniya a chaka chachiwiri kapena chachitatu, ndipo mwana sangapite yekha, imachita kumutumiza ndi yunivesite yake. Mayi uja anamuitana, namupatsa pepala kuti alembe za kafukufuku wake. Pepalalo linabwerera lofiira ndi inki. Analembanso, linabwereranso. Ndinkamupeza usiku pa benchi, magolovesi ali m'manja, akuwerengera makina oyezera asidi chiganizo chimodzi mokweza kuti amve ngati chikumveka. Bwana wathu wa labotale anakhala madzulo athunthu akulemba kalata yomuchitira umboni, masamba awiri, yofotokoza ngakhale tsiku limene mtsikanayo anagwira cholakwika m'ziwerengero zimene tonse tinazidutsa. Atapambana, chithunzi chake anachipachika pakhomo la laibulale ndipo yunivesite inadzitamandira nacho chaka chonse.

Apa mpamene pagona nkhani. Mwana akapata mphoto, sukulu nayo yapata. Dzina lake limakwera, makolo amatumizako ana, olemera omwe anaphunzira pomwepo amatsegula zikwama. N'chifukwa chake amawerengera chaka ndi chaka kuti tatenga ma Fulbright angati, a Truman angati. Ya Truman ndi ya madola 30,000 kwa ofuna kudzatumikira anthu. Ya Rhodes, yopita ku Oxford, imatenga Aamerika 32 okha pachaka, ndipo Bill Clinton anaipata mu 1968. Amene afika pa ndime yofunsidwa mafunso amawakonzera kaye bwalo loyeserera, aphunzitsi akuwapanikiza mpaka thukuta, kenako n'kuwauza kuti apa unayankha motalika, apa unayang'ana pansi.

Tsopano tiyeni kwathu.

Ife ulemu timaudziwa, asatinamize munthu. Zotsatira za MSCE zikatuluka, mwana wa mapointi 6 dziko lonse limamudziwa dzina, wailesi zimamusaka mpaka kumudzi kwawo. Mayina a osankhidwa kupita ku yunivesite akatuluka, nkhuku zimaona zakuda. Ngakhale maganizo osonkhanitsa ana akuthwa pamalo amodzi si achilendo: Kamuzu Academy inatsegulidwa mu 1981 ku Mtunthama kuti izitenga okhoza bwino kuchokera m'maboma onse. Mwini wakeyo anali atadutsa kuno, digiri yake ya ku University of Chicago ndi ya 1931 ndipo ya udokotala ya ku Meharry ndi ya 1937. Vuto lathu limayamba mwana uja akangodutsa pageti la koleji.

Sabata yoyamba ife tinalandiridwa ndi mawu akuti, "Mapointi anu aja muwasiye pageti, kuno si kusekondale." Mphunzitsi wina ankanena monyadira kuti chiyambire kuphunzitsa sanaperekepo 75, ndipo 70 ndi yake iyeyo. Tinkaseka, koma tinaphunzirapo kanthu koipa: cholinga si kuwala ayi, ndi kupulumuka. Nkhani m'mahositelo inali ya sapu ndi kuwidwa. Munthu ukapeza 50 unkapuma, n'kumati bola ndawoloka. Wolimbikira tinkamunena kuti akufuna kuonekera, ndipo nayenso anaphunzira kubisa malikisi ake ngati wabera.

Mu kalasi yathu munali mnyamata wina wochokera kunyanja amene masamu ankangowaona ngati nthano. Iye ndiye ankatiphunzitsa usiku magetsi akazima, titazungulira kandulo. Anamaliza ndi distinkishoni. Pa tsiku la mwambo dzina lake litatchulidwa holo yonse inaimirira, amayi nthungululu, mayi ake akuvina ndi chitenje chatsopano. Kutacha panalibe amene anamuitana. Palibe anamuuza kuti pali sikolashipu yakuti, fomu yake ili apa, tsiku lotsekera ndi lakuti. Anayenda ndi envulopu yakhaki m'maofesi mpaka nsapato kutha, kenako anapeza ya uphunzitsi pa sekondale ina yapulaiveti, komwe malipiro amabwera mwini sukulu akakumbukira. Uphunzitsi si ntchito yonyozeka, ana amene akudutsa m'manja mwake ndi odala. Koma iye sanasankhe, anangogwera pomwe panali potseguka. Akanakhala kuno, mayi wa kaofesi uja sakanamulola kugona.

Musaganize kuti ndaledzera ndi za eni ake. Pali zina kuno zimene zimandinyansa. Malikisi anatsika mtengo. Mu 2001 zinadziwika kuti pa Harvard ana 91 pa 100 aliwonse anamaliza ndi ulemu, mpaka sukuluyo inachita manyazi n'kuika malire. Aliyense akakhala wapamwamba, wapamwamba ndani? Mwana wa kuno akapeza B amabwera ku ofesi misozi ili m'maso, nthawi zina mayi ake n'kuimbanso foni. Palinso timabungwe tina timene timatumiza imelo yoti mwasankhidwa, lipirani madola akutiakuti mulandire chingwe. Makolo athu a Chimalawi ambiri agwa nazo zimenezi, ndiye mlamu, yankho lanu ndi limenelo: zina amapatsidwa, zina amagula. Ndipo kafukufuku wa m'chilimwe wosalipidwa amamukwanitsa ndi mwana amene kwawo kuli ndalama. Wogwira ntchito usiku ku sitolo kuti alipire lendi nthawi yokongoletsa CV aipeza kuti?

Distinkishoni ya kwathu ndi yolemera, ndipo ndimaikweza chipewa. Munthu waipeza akugawana buku limodzi ndi anzake 60, sukulu ikutsekedwa pakati pa teremu, ndalama ya ngongole ya boma itachedwa, akugona ku nyumba ya lendi yopanda madzi, kenako mayeso ake n'kudutsanso m'manja mwa woyesa wochokera kunja. Ana a kwathu akafika kuno ku masitazi savutika ndi maphunziro. Chimene chimawavuta ndi kugogoda pa chitseko cha pulofesa ndi kulankhula za iwo eni. Tinaleredwa kuti kudzitchula wekha ndi matama, ndiye fomu ikafunsa kuti fotokozani zimene munachita, mwana amene anaphunzitsa kalasi yonse masamu amalemba kuti, "Ndinayesetsa mbali yanga." Mnzake wa kuno amene anasonkhanitsa mabotolo Loweruka limodzi amadzaza tsamba.

Tinalinso ndi njira yathu yabwino, yosunga wokhoza bwino pa dipatimenti ngati staff associate kuti adzatumizidwe kunja akabwerere kudzaphunzitsa. Madokotala ambiri amene akuphunzitsa lero anadzera momwemo. Mabanki ndi makampani ena amaperekanso mphoto kwa ophunzira apamwamba, ndipo tiziwathokoza. Koma cheke chachikulu chojambulitsa chija chimatha mwezi womwewo, ndipo malo a staff associate ndi owerengeka pamene ophunzira achuluka. Pano tili ndi UNIMA, MUBAS ndi KUHeS zimene zinagawikana mu 2021, kuphatikiza LUANAR, Mzuni ndi MUST, osawerengera zapulaiveti. Ana akuthwa akutuluka chaka chilichonse kuposa kale.

Chopweteka n'chakuti makomo alipo. Malawi ali m'gulu la mayiko a kummwera kwa Africa amene amapikisana pa Rhodes. Inde, ndalama zake ndi za Cecil Rhodes yemwe uja, amene kampani yake inkathandiza kulipirira boma la atsamunda la Harry Johnston. Ine ndimati tikazitenge, zinachokera m'nthaka ya kwathu ku Africa. Pali Mandela Rhodes yophunzirira ku South Africa, pali Beit imene ndi ya Malawi, Zambia ndi Zimbabwe basi, pali Commonwealth, pali Fulbright kudzera ku ofesi ya kazembe wa America, pali Chevening imene imafuna kuti munthu akhale atagwirapo ntchito zaka ziwiri. Koma timazimva bwanji? Pa gulu la WhatsApp, uthenga wotumizidwa kambirimbiri, kutatsala masiku awiri. Mwana athamange kukapempha transikiripiti, amuuze kuti osayina ali ku maliro. Apite kwa mphunzitsi kukapempha kalata, amuuze kuti, "Lemba wekha ndidzangosayina," kapena alandire mizere itatu yonena kuti anali wa makhalidwe abwino. Kalata imeneyo ikukapikisana ndi ya masamba awiri ija.

Timakonda kunyadira Legson Kayira, amene ananyamuka wapansi kufuna maphunziro mpaka anafika ku Skagit Valley College, kenako University of Washington ndi Cambridge. Timanyadiranso William Kamkwamba wa ku Wimbe, amene anamaliza ku Dartmouth mu 2014. Koma taganizani: mmodzi anachita kuyenda mtunda woopsa, winayo anapulumuka chifukwa alendo anaona makina ake amphepo n'kuitana atolankhani. Kamkwamba atangoonedwa, panapezeka anthu omutengera ku msonkhano wa TED ku Arusha mu 2007, omupezera malo ku African Leadership Academy ku Johannesburg, omulembera makalata. Ntchito imene anthu amenewo anagwira mwa chifundo chawo ndi yomwe mayi wa kaofesi uja amalipidwira mwezi ndi mwezi. Ife tinaisiyira mwayi.

Wina anena kuti ndalama kulibe. Pa zomanga malabotale ndivomera. Koma izi sizifuna nyumba yosanja. Zikufuna munthu mmodzi pa koleji, tebulo, kompyuta ndi kalendala. A Dean aliyense amadziwa kale ana khumi apamwamba a chaka chachiwiri, mayina ali m'kabati. Awaitane, awauze zimene zili kutsogolo, aliyense amulumikize ndi mphunzitsi amene adzamudziwe mokwanira kumulembera kalata yamoyo. Ofesi ya rejisitirala ilonjeze kuti transikiripiti ya wopempha sikolashipu ituluka sabata yomweyo. Ndipo inu aphunzitsi anga okondedwa, mwana akayenera 80 mupatseni 80. Komiti ya ku Oxford sidziwa kuti 68 yanu ndi yagolide, imangoona 68.

Nafenso a kunja tisamangotumiza zithunzi za zingwe. Ambiri mwa ife tinadutsa m'mafomu amenewa, tikudziwa chimene chimafunika mu nkhani ya masamba awiri. Mutu umodzi susenza denga, koma aliyense atatenga mwana mmodzi pachaka, kumuwerengera zolemba zake ndi kumuyesa mafunso pa foni, patha zaka zochepa tiona kusintha. Ine ndayamba ndi awiri a ku dipatimenti yanga yakale.

Mafomu ambiri amatsegulidwa pakati pa chaka, a Chevening cha mu August. Ngati muli chaka chachitatu kapena chachinayi ndipo malikisi anu ali bwino, musadikire gauni. Pitani kwa mphunzitsi amene amakudziwani sabata inoyi, mukamuuze zimene mukufuna. Amene muli kunja ndipo mungathe kuwerengera mwana mmodzi, lembani dzina lanu ndi phunziro lanu m'munsimu kuti ana adziwe wogogodera.