Nthenda ya Maganizo Idatipeza M'boti: Umboni wa Banja Lathu

Ife ndife bambo ndi mayi a banja limodzi la ku Angónia, amene takhala zaka zambiri tikugwira ntchito ku England. Tapempha danga m'kalata ya mpingo ino kuti tikambe za chinthu chimene kawirikawiri sichikambidwa pabwalo, ndicho nthenda ya maganizo. Ife idatipeza kutali ndi kwathu, tikukhala m'boti pa ngalande. Koma tikudziwa kuti ngakhale m'mipingo ya kwathuko alipo amene akusenza mtolo womwewu mwakachetechete, ndipo Lamulungu amakhala pa benchi limodzi ndi inu, naimba nanu nyimbo, popanda wodziwa za mumtima mwawo.

Poyamba tifotokoze za malowo, pakuti ambiri mukamva za boti mumaganiza za Zambezi kapena nyanja ya Cahora Bassa. Ngalande za ku England si mitsinje ayi. Ndi njira za madzi zimene anthu adakumba ndi manja kuti azinyamulirapo malasha, zitsulo ndi katundu wina, njanji zisanafalikire. Ngalande ya Bridgewater, imene idatsegulidwa mu 1761 kuti izipititsa malasha ku Manchester, ndiyo idatsogolera zinzake zambiri. Kuyambira mu 2012, bungwe la Canal & River Trust ndilo limayang'anira njira za madzi zotalika makilomita pafupifupi 3,200 ku England ndi ku Wales. Ife tidakhala pa ngalande ya Grand Union, yochokera ku London kukafika ku Birmingham, mtunda wa makilomita 220.

Maboti a pa ngalandezi ndi aatali koma opapatiza. M'lifupi mwake ndi mamita 2 ndi pang'ono chabe, kotero kuti munthu wamkulu akatambasula manja amakhudza makoma onse awiri. Umphawi si mlendo m'maboti amenewa. Njanji zitalanda malonda, oyendetsa maboti ambiri adalephera kulipira nyumba, natenga akazi ndi ana awo kukakhala m'kachipinda ka kumbuyo kwa boti. Mavuto a ana amenewo ndiwo adachititsa George Smith wa ku Coalville kudandaula kosaleka, kufikira boma lidakhazikitsa lamulo loyang'anira mabotiwo mu 1877. Masiku ano ena amakhala m'boti chifukwa chokonda bata, ndipo ena chifukwa lendi ya nyumba yawakanika. Ife tidali a gulu lachiwirili. Ntchito ya bambo itachepa, tidasonkhanitsa kangachepe kamene tidasunga, n'kugula boti lakale limene mwini wake adatopa nalo.

Wodutsa pa mlatho m'chilimwe, akaona maluwa pa denga la boti ndi abakha akusambira, amati anthuwa ali pa mtendere. Wokhalamo ndiye amadziwa kuti m'boti mulibe chinthu chobwera chokha. Madzi akumwa timakatunga pa mipope yoikidwa apa ndi apo m'mbali mwa ngalande. Chimbudzi ndi kathanki kamene kakadzaza umakanyamula pamanja kukataya pamalo ake. Magetsi amachokera m'mabatire, ndipo m'nyengo yopanda dzuwa uyenera kuliza injini ndi kutentha dizilo kuti uone kuwala usiku. Kutentha kumachokera pa chitofu cha malasha, ndipo monga mudziwa za mbaula m'nyumba yotseka, mpweya wake wosanunkha umapha munthu ali m'tulo. Chifukwa chake kuyambira mu 2019 boti lotere liyenera kukhala ndi kachipangizo kolira mpweyawo ukachuluka. M'mawa uliwonse makoma achitsulo amachita thukuta, zovala ndi zofunda zimagwira chinyontho, ndipo ngakhale Buku Lopatulika lathu lidayamba kununkha nkhungu.

Komatu chimene chidatilemera koposa si ntchito za manjazi. Ife tidakula tikutunga madzi ndi kutola nkhuni. Chidatilemera ndi kusakhazikika. Lamulo la mu 1995 limati boti lopanda pokocheza pakepake lisakhale pamalo amodzi kupitirira masiku 14. Cholinga chake n'chakuti malo akwanire onse, ndipo pokocheza pokhazikika pamafuna ndalama zimene ife tidalibe. Motero masabata awiri alionse tinkamasula zingwe n'kupita patsogolo. Munthu wotere alibe keyala. Mnansi wa lero mawa wapita kwina. Tchalitchi chimene talowa Lamulungu lino, mwezi wamawa chatsala kutali. Kwathu Mkhristu aliyense ali ndi mlaga wake ndi mkulu wa mpingo womuyendera, ndipo akasowa masabata awiri amayi a Chigwirizano amafika pakhomo kudzafunsa. Pa ngalande tidali anthu osawerengedwa m'buku la mpingo uliwonse. Tikalephera kupita kokapemphera, panalibe wozindikira kuti mpando wathu uli chabe.

Nthendayo idalowa pang'onopang'ono, ndipo idagwira bambo. M'mwezi wa Disembala kumeneko dzuwa limatuluka cha m'ma 8 koloko, n'kulowa 4 koloko isanakwane. Bambo adayamba kusowa tulo usiku ndi kulephera kudzuka masana. Nsima imene ankaikonda idangozizira m'mbale. Munthu amene ankatsogolera nyimbo m'nyumba adaleka kuyankhula, ndipo foni yochokera kumudzi ikalira ankangoiyang'ana. Abale kwathu ankadikira thandizo la feteleza ndi la sukulu, poganiza kuti wokhala ku Ulaya sasowa kanthu, pamene ife tinkawerenga matumba a malasha. Kumapeto kwa Febuluwale ndi kumayambiriro kwa Malichi 2018 kudagwa chisanu choopsa m'dziko lonselo. Madzi a m'ngalande adaundana, boti silikadatha kuyenda, mipope idauma ndi ayezi. M'masiku amenewo bambo adanena mawu amene mkazi aliyense amaopa kuwamva: kuti iwo ndi katundu chabe, ndipo banja likadapepukidwa iwo kulibe.

Tikufuna mumvetse bwino, abale, kuti nthawi yonseyo bambo sadaleke kukhulupirira Mulungu. Ankafuna kupemphera, koma mawu ankakana. Ankatsegula Buku Lopatulika, koma maso ankangoyenda pa zilembo. Nthenda imeneyi imachotsa mphamvu, chilakolako cha chakudya, tulo ndi chiyembekezo, monga malungo amachotsera magazi. Ndipo imanamiza wodwalayo kuti palibe amene angamve, kuti mwamuna salira, ndi kuti kunena n'kudzichotsera ulemu.

Thandizo lidafika wapansi, pa kanjira ka m'mbali mwa ngalande kamene kale ankayendamo akavalo okoka maboti. Woyamba adali bambo wina wa boti loyandikana nalo, munthu wosapemphera, amene adaona kuti pa chumuni chathu sipakutuluka utsi. Adagogoda, nasiya thumba la malasha, osafunsa zambiri. Iyeyo ndiye adatiuzira kwa mayi wina wachikulire wa gulu la Waterways Chaplaincy, Akhristu odzipereka a mipingo yosiyanasiyana amene amayenda m'mbali mwa ngalande kucheza ndi anthu a m'maboti. Mayiwo sadabwere ndi ulaliki. Adakhala pa kampando kathu, namwa tiyi, namvetsera. Adafunsa bambo mosazungulira ngati akuganiza zodzichotsera moyo, ndipo funso limenelo, m'malo mowaopsa, lidamasula lilime lawo. Adatiuza kuti munthu angathe kulembetsa kwa dokotala ngakhale alibe keyala, natiperekeza. Adatithandiza kulemba kalata yopempha kuti boti likhalitse pamalo amodzi chifukwa cha matenda, ndipo pempholo lidaloledwa. Adatipatsanso nambala ya a Samaritans, gulu limene lidayambitsidwa mu 1953 ndi mbusa Chad Varah ku London, limene limamvetsera ovutika mtima usana ndi usiku. Atatha zonsezi adapempha chilolezo kuti apemphere nafe.

Dokotala adatchula nthendayo ndi dzina lake, napereka mankhwala, natichenjeza kuti padzapita masabata angapo asanayambe kugwira ntchito, ndi kuti asadzasiyidwe mwadzidzidzi. Adatumizanso bambo kwa mlangizi wokambirana naye. Ife tidalandira zonsezi monga mphatso za Mulungu, mofanana ndi mmene timalandirira mankhwala a malungo kapena a shuga popanda kuganiza kuti chikhulupiriro chathu chachepa.

M'miyezi imeneyo Mawu a Mulungu adayamba kutiyankhula m'malo amene kale tinkangodutsapo. Pa 1 Mafumu 19 timaona Eliya, amene adangoona kumene mphamvu ya Yehova pa phiri la Karimeli, atakhala pansi pa mtengo m'chipululu, akupempha imfa. Mulungu sadayambe ndi kumudzudzula. Adamulola kugona, namutumizira mkate ndi madzi kawiri, ndipo pambuyo pake adamupatsa Elisa kuti asayendenso yekha. Salmo 88 ndi pemphero la munthu amene akulira kuyambira poyamba kufikira potsiriza, ndipo limatha mdima usanachoke. Komabe Mzimu Woyera adalisunga m'Buku, kuti wovutika adziwe kuti kulira kwake nakonso ndi pemphero. Abwenzi a Yobu adachita bwino masiku asanu ndi awiri amene adakhala naye chete, ndipo adayamba kumulasa pamene adatsegula pakamwa kufufuza tchimo lake.

Pafupi ndi pamene ngalande yathu imadutsa ku Milton Keynes pali tauni ya Olney. Kumeneko kudakhala William Cowper, mlembi wa nyimbo za Mulungu, amene adavutika ndi nthenda ya maganizo nthawi yaikulu ya moyo wake. Itamugwira kolimba mu 1773, mnzake John Newton, mbusa wa pamalopo, adamusunga m'nyumba mwake kupitirira chaka. Awiriwa ndiwo adalemba buku la nyimbo la Olney Hymns, limene lidasindikizidwa mu 1779. Cowper sadachiriretu kufikira imfa yake mu 1800, koma mpingo wa Khristu ukuimbabe nyimbo zake. Nkhani imeneyi idatilimbitsa, pakuti idatisonyeza kuti Mulungu sataya chiwiya chifukwa chakuti chili ndi mng'alu.

Ngalande nayo idatiphunzitsa kanthu. Poti madzi sakwera phiri, omanga adaika zipinda za madzi zokhala ndi zitseko mbali zonse ziwiri, zimene eni ake amazitcha lock, ndipo pakati pa London ndi Birmingham zilipo 166. Boti limalowa pansi, pakati pa makoma aatali, onyowa ndi amdima. Chitseko chimatsekedwa kumbuyo, ndipo munthu wa pamtunda amatsegula timazenera kuti madzi a kumtunda alowe. Boti limakwera pang'onopang'ono. Chitseko cha kutsogolo sichitseguka kufikira madzi a m'kati atalingana ndi a kunja. Ngakhale atsale pang'ono chabe, amuna amphamvu angakankhe motani, chitsekocho sichisuntha. Akalingana, ngakhale mwana amachitsegula. Wodwala maganizo ali ngati boti la m'chipindamo. Kumuuza kuti angolimba mtima, adzuke, aiwale, n'kukankha chitseko madzi asanalingane. Ntchito ya womusamala ndi kulowetsa madzi tsiku ndi tsiku, ndiwo chakudya, tulo, mankhwala, kucheza ndi pemphero, n'kudikira. Akuluakulu adati kuona maso a nkhono n'kudekha.

Lero tikukhala m'nyumba ya pamtunda, ndipo tili ndi mpingo umene umatidziwa maina. Bambo akugwira ntchito, ndipo aimbanso. Nthendayo imabwerera nthawi zina, makamaka m'miyezi ya mdima, koma tsopano timaizindikira ikadali patali, ndipo timadziwa koyenera kugogoda.

Tsono pempho lathu kwa inu ndi ili. Kwathu kulibe maboti a pa ngalande, koma anthu opanda keyala alipo. Alipo asodzi a ku Cahora Bassa, anyamata ofuna ntchito ku Moatize, amayi a geni oyenda m'malire a Zóbuè ndi Calómuè, ophunzira okhala kutali ndi makolo. Alipo okalamba amene adabwerera kuchokera kothawa nkhondo mtendere utasainidwa mu 1992, amene matupi awo adachira koma tulo tawo sitidabwerere. Alipo amayi amene atabereka amagwidwa ndi chisoni chosadziwika chiyambi chake. Kawirikawiri anthu otere timafulumira kuwatcha aulesi, olodzedwa, ogwidwa ndi ziwanda kapena obwerera m'mbuyo, ndipo ena amathawira ku mowa chifukwa kumeneko kokha ndiko safunsidwa.

Abusa, akulu a mpingo, atumiki, amayi a Chigwirizano ndi achinyamata, yang'anani nyumba imene yaleka kutuluka utsi. Musadikire kuti wodwala abwere, pakuti nthendayi imamanga miyendo. Pitani ndi ufa, ndi nkhuni, ndi makutu. Wina akanena kuti watopa ndi moyo, musaseke, musakalipe, musamusiye yekha. Mufunseni bwino, chotsani pafupi naye zimene angadzipweteke nazo, ndipo mumuperekeze kuchipatala tsiku lomwelo. M'zipatala za m'maboma ambiri a Mozambique muli ogwira ntchito ophunzitsidwa za matenda amenewa, otchedwa técnico de psiquiatria. Pempherani naye popita, pempherani naye pobwera. Zimene wakuuzani zisakhale nkhani ya pachitsime. Ndipo mubwerenso sabata yamawa, ndi inayo, pakuti mutu umodzi susenza denga, ndiponso chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe.

Kwa inu amene mukuwerenga kalatayi muli mumdima womwewo, mbale wathu, mlongo wathu, Mulungu sadakutayeni, ndipo simuli katundu kwa abale anu. Uzani munthu mmodzi wokhulupirika lero lino. Mbusa Wabwino amadziwa kumene nkhosa yake ili, ngakhale dzina lake lisapezeke m'buku la mlaga uliwonse.

Chisomo cha Ambuye wathu chikhale nanu nonse. Mutikumbukire m'mapemphero anu, monga ifenso tikukumbukirani.