Mapu a Zanzibar ali patebulo panga

Pepani ndinasowa, ndinali pakalikiliki wochonga mayeso.

Ndiyambe ndi kuulula. Ndaphunzitsa Geography zaka 18, ndipo chaka chilichonse ndimajambula pabolodi mwezi, dziko ndi muvi, n'kumafotokoza mmene nyanja yamchere imadzadzira ndi kuphwa kawiri patsiku. Koma ineyo sindinaionepo. Nyanja imene ndimaidziwa ndi yathu ya ku Salima, imene ukaisiya m'mawa, madzulo umaipeza pomwepo. Teremu yatha mtsikana wina wa Fomu 3 anandifunsa kuti, "Aphunzitsi, inuyo munaonapo madziwo akuthawa?" Kalasi yonse inaseka. Ine ndinangoti titsegule tsamba lotsatira, koma funsolo linandisowetsa tulo.

Ndiye ndamanga mfundo. Tchuthi cha Ogasiti ndikupita ku Unguja, chilumba chachikulu cha Zanzibar, pamodzi ndi mayi akunyumba. Tidzakwera basi kudzera ku Karonga, Songwe ndi Mbeya mpaka ku Dar es Salaam, kenako boti la maola pafupifupi awiri. Ndalama zake ndi za chipereganyu chathu cha mu staff room, zimene poyamba tinati tigulire malata. Mayi anavomera, koma anandiuza kuti denga likadontha ndidzagona ineyo pansi pa dontholo.

Maganizo anga anali akuti tikachite hayala kagalimoto, tizungulire chilumba chonse m'mphepete mwa nyanja tsiku limodzi. Chilumbacho n'chotalika makilomita pafupifupi 85 basi, ndipo amayendetsa kumanzere ngati kwathu kuno. Chongofunika ndi kachilolezo kakomweko kuwonjezera pa laisensi yanga. Koma nditayala mapu patebulo, ndinachita manyazi ngati mwana amene wayankha funso asanaliwerenge. Kuchoka ku Stone Town kupita ku Nungwi, kumpoto kumene amakhoma zombo zamatabwa, ndi makilomita pafupifupi 60. Ukatero umatsika kummawa kudzera ku Kiwengwa, Pongwe ndi Uroa. Ukafika ku Chwaka msewu wa m'mphepete umathera pomwepo. Michamvi ili kutsidya kwa madzi, pafupi ndithu, koma palibe mlatho. Uyenera kubwerera mkati mwa chilumba, kudutsa nkhalango ya Jozani kumene kuli anyani ofiira aja, kenako n'kutulukira ku Paje.

Chinanso chimene chinasokoneza pulani yanga ndi mwezi womwe uja wa pabolodi. Nthawi yophwa madzi imachedwerako ndi mphindi pafupifupi 50 tsiku lililonse, ndipo madzi amaphwa kwambiri mwezi ukakhala wathunthu kapena ukakhala mumdima. Ku Paje ndi ku Jambiani amathawira kutali, n'kusiya poyera minda ya ndere imene amayi akumeneko amalima pomangirira nderezo pazingwe. Ndikangofika pa ola lolakwika ndidzapeza madzi ali tho, n'kubwerako ndi zithunzi zofanana ndi za ku Senga Bay. Ndalama za malata zidzakhala zitalowa m'madzi.

Choncho ndagawa ulendowu masiku atatu, ndipo tsiku la ku Jambiani ndi limene ndayamba kulisankha, ndili ndi kalendala ya mwezi m'manja. Enawo akutsatira pambuyo. Tsiku limenelo galimoto idzaima, ine ndidzakhala pamchenga maola 6, wotchi padzanja, mpaka madzi atabwerera.

Tisanayambe zonsezi tidzalowa kaye mu tchalitchi cha Christ Church ku Stone Town, chimene anayamba kumanga mu 1873 pamalo amene panali msika wa akapolo. Ena mwa anthu ogulitsidwa pamenepo anachokera kuno, ataoloka nyanja kuchokera ku Nkhotakota kwa Jumbe. Anzanga a History, ndikakuimirirani.

Ngati alipo wina amene anayendapo msewu wa ku Chwaka, andiuze mmene ulili. Ndipo iwe mwana wanga wa Fomu 3, konzeka. Teremu ikubwerayi ukandifunsenso funso lija pamaso pa anzako onse.