Za Chinenero cha ku Korea, ndi Manyazi Amene Tinachita Nacho

Yapita miyezi isanu ndi itatu chifikire ife awiri mu mzinda wa Seoul, m'dziko la Korea, kumene akulu athu anatituma kukaphunzira. Ambiri a inu mwatifunsa m'makalata kuti, kodi anthu akumeneko mumvana nawo bwanji? Tsono lero tikusimbirani, osabisa ndi zamanyazi zomwe, pakuti munthu wamkulu akayamba chinenero chachilendo asanduka khanda.

Poyamba anatiphunzitsa zilembo. Tinafika ndi mantha, poyesa kuti nzosawerengeka monga za ku China. Koma ayi, zilipo 24 zokha, ndipo dzina lake ndi Hangul. Anazikonza ndi mfumu yawo Sejong m'chaka cha 1443, nazilengeza kwa anthu mu 1446, chifukwa inamva chisoni poona kuti anthu wamba sakhoza kulemba za mumtima mwawo ndi zilembo za ku China, zimene anazidziwa ophunzira okha. Nzeru yake inali yakuti chilembo chifanane ndi m'kamwa mwa munthu pochitchula. Cha "m" ndi kabokosi ka ngodya zinayi, ndiko kamwa. Cha "g" nchopindika ngati khasu, monga lilime lipindika potseka kukhosi. Zilembozi sazindandalika monga tichita ife, koma aziunjika m'timagulu, kagulu kalikonse phatikizo limodzi. Itatha sabata imodzi tinali kuwerenga zikwangwani za m'misewu mofuula, osamva kanthu nkamodzi komwe.

Zilembo zimenezi ife akristu tiyenera kuzilemekeza. Eklezia wa ku Korea sanayambe ndi ansembe, koma ndi anthu wamba owerenga mabuku. Mmodzi wa iwo, Yi Seung-hun, anabatizidwa ku Beijing mu 1784, nabwera kudzabatiza anzake. Pambuyo pake Augustino Jeong Yak-jong analemba katekisimu m'zilembo za Hangul, kuti akazi, antchito ndi alimi amve za Mulungu m'chinenero cha kwawo. Iyeyu anamudula mutu chifukwa cha chikhulupiriro mu 1801. Wansembe woyamba wa mtundu wawo, Andrea Kim Taegon Woyera, anaphedwa mu 1846, ali ndi zaka 25. Dzanja likatopa polemba, tikumbuka amene anagwira zilembo zomwezi patsogolo pathu.

Pa katchulidwe makutu a kwathu anatithandiza. Ife tidziwa kuti "kola" si "khola", ndi "pala" si "phala", ndipo iwonso asiyanitsa chomwecho. Chovuta nchakuti ali ndi katchulidwe kachitatu, kolimbitsa kukhosi: bul ndi moto, pul ndi udzu, ppul ndi nyanga, dal ndi mwezi, ttal ndi mwana wamkazi. Koma "l" ndi "r" kwa iwo nchilembo chimodzi, kotero pamenepo palibe anatiseka.

Mawu awo awayala mosiyana ndi ife. Mneni, ndiye liwu lonena chochitika, akhala kumapeto kwenikweni. Sanena "ndikumwa madzi", koma jeoneun mureul masimnida, ndiko kuti "ine madzi ndimwa". Dzina lililonse alimangirira kamchira kosonyeza ntchito yake: jeo ndiye "ine", ndipo -neun isonyeza amene tikukamba za iye, mul ndi madzi, ndipo -eul isonyeza chinthu chimene chikumwedwa. Kufunsa, kulamula ndi kupempha zonse zimveka pa mneniyo, kotero sudziwa chimene mnzako afuna kufikira atatsiriza. Tinakumbuka amuna ena a pabwalo la milandu kwathu, odula anzawo pakamwa. Kuno akadasowa chogwira. Za manambala tingoti ali ndi mitundu iwiri, hana, dul, set a kwawo ndi il, i, sam ochokera ku China, ndipo ponena nthawi maola awerenga ndi oyambawo, mphindi ndi enawo. Kufikira lero tisokoneza.

Koma pamene tinagwa ndi pa ulemu. Kwathu mwana woleredwa bwino sati "iwe" kwa wamkulu, ndipo aika "a" patsogolo pa dzina. Kuno ulemu walowa m'mafupa a chinenero. Liwu limodzi litha mosiyana malinga ndi amene ulankhula naye: kwa mwana ulisiya lalifupi, kwa mlendo uwonjeza -yo, pamaso pa akulu ndi pa msonkhano unena -mnida. Wansembe ndi sinbunim, sisitere ndi sunyeonim, Mulungu ndi Haneunim, ndipo -nim ameneyo ndiye "a" wathu uja, wangokhala kumbuyo. Ndiponso zinthu zina zili ndi maina awiri. Chakudya cha iwe ndi ine ndi bap, cha nkhalamba ndi jinji. Mwana akagona ati jada, agogo akagona ati jumusida. Ngakhale "ife" ali pawiri: uri, ndi jeohui wodzichepetsa. M'pemphero la Atate Athu akatolika anena uri potchula Atate, koma pofika popempha chakudya ndi chikhululukiro anena jeohui. Chimenechi chinatikhudza mtima koposa maphunziro onse a m'kalasi.

Tsono pa tchalitchi chathu, chimene iwo ati seongdang, pali mayi wina wokalamba, wopindika msana, amene aphika chakudya Misa ikatha. Chifikire ife anatitenga ngati adzukulu ake, natidzazira mbale osatifunsa. Tinafunitsitsa kumulonjera m'chinenero chake. Tinamva ana a pabwalo akufunsana kuti Bap meogeosseo? ndiko kuti "wadya?", pakuti kuno kufunsa za kudya ndi malonje, monga ife tifunsa za kudzuka. Tinaloweza bwino lomwe usiku wonse. Lamulungu lotsatira tinaima pamaso pake, anthu ali pomwepo, ndi kunena mawuwo mokweza, monyadira.

Mayiyo anaima ndi chipande m'manja, natiyang'ana, osayankha. Amayi ena anagwira pakamwa. Ife tinayesa kuti adabwa ndi luso lathu. Mawa lake mphunzitsi wathu, atamva, anatseka maso nati, "Mwalankhula ndi agogo monga alankhulira ndi mwana wa zaka zisanu." Taganizani, abale, mlendo amene mwamudyetsa miyezi itatu afike kwa agogo anu pakati pa anthu nati, "Iwe, wadya?" Sabata imeneyo mpunga sunatikomere. Mnzathu anati tingopita ku Misa ya m'mawa kuti tisaonane naye. Koma tinaona kuti kutero nkuwonjeza chipongwe pa chipongwe.

Tinapempha mphunzitsi atiphunzitse mawu oyenera, ndipo Lamulungu tinapitanso, mawondo akunjenjemera. Tinawerama, ndi kunena joesonghamnida, ndiko kupepesa kwaulemu, kenaka Halmeoni, jinji deusyeosseoyo? kunena kuti, "Agogo, kodi mwalandira chakudya?" Agogowo anaseka mpaka misozi, natimenya pamsana ndi dzanja, nayankha m'mawu aafupi omwe aja, pakuti iwo ngoyenera kutero kwa ife: Meogeosseo, anja, "ndadya, khala pansi." Anatipatsa mpunga ndi ndiwo zawo zowawa za kabichi zotchedwa kimchi, ndipo sanatilole kugwira timitengo todyera kufikira titanena bwino jal meokgetseumnida, mawu othokoza amene anena asanadye. Anatibwereza kanayi.

Mwezi wa mawa tidzayesa kulapa machimo athu m'Chikorea nthawi yoyamba, pakuti bambo mfumu wa pano sadziwa chinenero china. Mutikumbukire pa korona wa madzulo m'nyumba zanu.