Tinjira Tochoka pa Mishoni ya Mua

Kuchoka ku Dedza ndinatsika ndi msewu wokhotakhota wa Khwekhwelere mpaka ku Golomoti, kenako n'kulowera kumpoto pa M5 kukafika ku Mua, kumene ansembe a chipani cha White Fathers anakhazikitsa mishoni mu 1902. Alendo ambiri amathamangira ku Kungoni, malo amene Bambo Claude Boucher anayambitsa mu 1976, kukaona zosemasema ndi zigoba za Gule Wamkulu. N'zoyenera kuziona. Koma ine maso anga anali pa tinjira tochoka patchalitchi kulowera m'midzi, pakuti ndimakhulupirira kuti Chikhristu cha anthu ambiri chimakhalira moyo kumene tinjirato tikuthera, mumphakati.

Kuno n'kwawo kwa Patrick Kalilombe, amene anakhala episkopi wa Lilongwe mu 1972. Iye anaona kuti parishi imodzi ili ndi nthambi zambirimbiri ndipo wansembe amafika panthambi patalipatali. Ngati mpingo ndi wansembe, ndiye kuti masabata ambiri kumudziko kulibe mpingo. Anagawa Akhristu m'miphakati, timagulu ta mabanja oyandikana, oti azisonkhana pakhomo pa mnzawo, kuwerenga Malembo, kuzonda odwala ndi kuyanjanitsa okangana. Mu 1976 maepiskopi a AMECEA, bungwe la maepiskopi a kum'mawa kwa Africa, anagwirizana kuti miphakati ikhale patsogolo pa ntchito ya mpingo m'chigawo chonse. Boma la Kamuzu linaikayikira, poganiza kuti ndi ndale zobisala m'mapemphero, ndipo Kalilombe anachoka m'dziko muno, kenako n'kutula pansi udindo mu 1979. Mantha a boma aja ndi umboni ndithu wakuti anthu odziwana mayina ndi mavuto amakhala ndi mphamvu imene khamu la pa Misa ya Lamulungu lilibe.

Ena amati chikhulupiriro ndi cha munthu ndi Mulungu wake, ndipo masiku ano ulaliki umamveka pa Radio Maria ngakhale pafoni. Zoona, ndipo kwa wodwala wogonera pamphasa wailesi ndi chitonthozo. Koma wailesi sidziwa kuti nkhokwe ya mayi wamasiye yatha mu Januwale, sitenga ufa ndi nkhuni kupita kusiwa, komanso singakudzudzule ukalakwa. Kukhululuka ndi kupirira sungaziphunzire pawekha. Pamafunika mnansi weniweni, amene mbuzi zake zinakudyera chimanga, woti ukhale naye pamkeka umodzi popemphera.

Dandaulo lolemera kuposa limeneli ndi la ndalama. Alipo amene amati mphakati unasanduka kaundula wa zopereka, moti wosauka amene sanalipire mtulo amachita manyazi n'kusiya kubwera, uku ali ndi nkhawa kuti akadzamwalira mpingo sudzamuimbira. Pamene zatero, cholinga chapotozedwa, ndipo sindingaziikire kumbuyo. Komabe kuthawa sikuchiza nthendayi, chifukwa wochokayo ndi yemweyo wosowa anzake kwambiri. Chofunika n'chakuti buku la msungichuma lisatsekulidwe dzina la wodwala lisanatchulidwe, ndiponso kuti utsogoleri uzisinthana, usamangokhala kwa mabanja opeza bwino. A CCAP ali ndi milaga yawo, pamodzi ndi amayi a Chigwirizano ndi a Mvano, ndipo funso la buku la zoperekali likuwakhudza iwonso chimodzimodzi.