Ng'ombe Yadongo ndi Kamchira Kake

Anzanga a m'gulu lino, amene munaimapo kutsogolo kwa ana a sitandade 2 oposa 100 mukudziwa bodza limene limakhala m'kalasi lotere. Ukalemba "mbuzi" pa bolodi n'kuloza ndi kandodo, chipinda chonse chimagwedezeka: "Mbuziii!" Mtima umakhala m'malo, umati ana akuwerenga. Chonsecho akuwerengadi ndi ochepa a kutsogolo, enawo akungovomera ngati kwaya.

National Reading Programme, imene inayamba mu 2016, imati mphunzitsi ayambe kuchita yekha, kenako achite ndi ana, pomaliza ana achite okha. Gawo lomalizali ndi limene limamira m'phokoso. Mwana amene sakudziwa kanthu amabisala bwinobwino m'mawu a anzake.

Mmodzi mwa obisalawo anali mnyamata wamkulupo, wobwereza kalasi, amene ankakhala kumbuyo kwenikweni. Ankajomba kawirikawiri chifukwa chokadyetsa ng'ombe za amalume ake kudambo. Ndikamuloza ankangowerama. Ndisakunamizeni, mumtima ndinali nditamutaya.

Titafika pa mutu wa nyama, ndinakumbukira TALULAR ya ku koleji ija, yoti tiziphunzitsa ndi zinthu zopezeka pafupi. Ndinakonza malo anayi, awiri m'kalasi ndi awiri pansi pa mtengo wa mango. Pamalo oyamba ndinaika zitsekerero za mabotolo zolembedwa maphatikizo: ga, lu, fi, si, mbu, zi, nkhu, ku, kuti ana azilumikiza. Pachiwiri panali makadi a makatoni, mwana apeze chithunzi chogwirizana ndi dzina la nyama. Pachitatu ndinadula kanthano ka kalulu ndi fisi m'ziganizo zisanu, ana aziike m'ndondomeko yake. Pachinayi panali dongo: umbe nyama imene ukuidziwa, ulembe dzina lake pamchenga. Pakatha mphindi 10 ndinkaomba m'manja, magulu n'kusinthana.

Tsiku loyamba chinali chipwirikiti chokhachokha. Zitsekerero zina zinalowa m'matumba a makabudula, ndipo a hedi anasuzumira pakhomo n'kundifunsa ngati ndatsegula msika. Ndinatsala pang'ono kuzisiya.

Tsiku lachitatu ndinaona ana ataunjikana pa dongo paja, ali zii. Pakati pawo panali mnyamata uja. Anali ataumba ng'ombe ya linunda lake, nyanga zokhota, ndi khungu lolendewera pakhosi. Mnzake atanena kuti ndi yaikazi, anamuyankha mokweza kuti, "Iyi ndi nkhunzi, suona khosi?" Aka kanali koyamba kumva mawu ake ali okha.

Pamchenga analemba "ngombe". Sindinamuuze kuti walakwa. Ndinagwada pambali pake n'kumuuza kuti anene "ngoma", kenako "ng'ombe", amvetsere m'mene mawuwo akuyambira. Anabwereza katatu, akuchita ngati akulawa. Ndiye ndinamuonetsa kachizindikiro kakang'ono kamene kamakhala pambuyo pa g. Anakalemba ndi chala, n'kukhala kaye chete, kenako anati, "Madamu, ndiye kuti ng'ona nayonso ili ndi kamchira kameneka?"

Anzanga, funso limenelo silikanabadwa m'kwaya ya ana 100. Mwanayu sanali wopanda nzeru. Ng'ombe ankaidziwa kuposa ine mphunzitsi wake. Chimene chinkasowa ndi malo aang'ono oti zimene akudziwazo zikumane ndi zilembo, ine ndili pafupi kuti ndimve.

Sindikunena kuti panachitika zozizwitsa. Kujomba sanasiyiretu, ndipo mvula itayamba malo a pansi pa mtengo aja anatha. Koma teremu isanathe anawerenga yekha ziganizo zisanu za kalulu ndi fisi zija, pang'onopang'ono, chala chili pa mzere.

Inu amene muli ndi mwana amene akuti mutu wake ndi wouma, musanamugulire buku lina, mufunseni nyama imene amaidziwa bwino. Kaya ndi nkhunda, kaya ndi galu wa pakhomo, kaya ndi mbewa zimene amakumba ndi anzake. Mulekeni afotokoze mpaka atope, kenako mulembere limodzi dzina lake pansi.

Ng'ombe ija inauma n'kuthyoka nyanga imodzi, koma ikadali pawindo la m'kalasi mwanga. Ana a chaka chino akafika pa ng', ndimawauza kuti asaiwale kamchira.